Wodwala Wongoyerekeza

Lolemba, 4 Malichi

Kope iwe undikhululukire. Zilembo zanga ngati papalasa nkhuku, sukulu ndinalekera kalasi yachinayi.

Lero abwera asanu ndi atatu, ophunzira ulangizi wa odwala khansa. Chipinda chawo chagundana ndi wodi yathu. Ndinakolopa kawiri, iwo n'kupondamo osayang'ana pansi. Ine zaka khumi ndi zitatu pa wodi imeneyi. Masanzi ndine, mikodzo ndine, kugwira dzanja la munthu akutsirizika ndinenso. Polemba mayina ndinafunsa ngati nane ndingaphunzire nawo. Akuti pakufunika setifiketi.

Lachitatu, 6 Malichi

Mwa ophunzirawo muli mtsikana wa nsapato zoyera, msinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Amakoka mpando n'kukhala pafupi ndi mayi a pabedi la pawindo. Kungokhala! Mayiwo n'kumukhuthulira zonse, za amuna awo, za ana, za tsitsi likuthothoka. Ine ndawapukuta miyezi iwiri, zomwe amandiuza ndi "Achemwali, ndowa." Nditangoyerekeza kukhala pampando, asisitala: "Munalembedwa ntchito yokhala?"

Posamba ndakhudzanso kachotupa ka m'bere lamanzere. Mwezi wachitatu uno. Kolimba ngati kamwala, kosapweteka. Mwina ndowa zolemerazi. Sindinauze munthu.

Lachisanu, 8 Malichi

Aphunzitsi awo andiitana chikolopa chili m'manja. Akufuna munthu wogona pabedi, ayerekeze kudwala, anawo aphunzirirepo kufunsa. "Inu mwaona zambiri, mayi, mutha." Maphunziro awo, chidole ine. Ndavomerabe. Lolemba.

Lolemba, 11 Malichi

Ndinagona pa nsalu yomwe ndimanyamula ndekha kupita nayo kochapa. Woyamba anali bambo wamagalasi, mafunso ngati wapolisi. Aphunzitsi anawadula: "Mwafunsa kasanu ndi kawiri, mwamvetsera kangati?" Onse kuseka.

Kenako Nsapato Zoyera. Anakoka mpando. "Mayi, chikukuopsani kwambiri n'chiyani?" Basi, n'kukhala duu. Bodza ndinali nditakonza, koma kukhala chete kwakeko kunandikoka lilime. Ndinanena za chotupa, za miyezi itatu. Kuti ndawaona ambiri akulowa ndi miyendo yawo n'kutuluka atafunditsidwa kumutu. Kuti bambo a kunyumba akadzamva zodula bere adzandiona bwanji. Misozi mpaka m'makutu.

Anawomba m'manja. Aphunzitsi akuti, "Mayiwa ndiye katswiri wa zisudzo!" Kenako kumuyamikira mtsikanayo, kumuyamikira, akuti wafunsa bwino. Misozi yanga, mamalikisi ake.

Lachiwiri, 12 Malichi

M'chipinda chawo sindinalowe. Akolope ndi setifiketi.

Lachinayi, 14 Malichi

Mtsikana uja wandipeza kotsukira zikolopa. Nsapato zija kunyowa, ine kukondwa. Anavundikira ndowa n'kukhalapo. "Mayi, sewero litatha tonse tinawomba m'manja, koma dzanja lanu silinachoke pabere." Ndinati ndinkakonza yunifolomu. Sanatsutse. Duu, ngati tsiku lija. Ndinati zimenezo akachitire a m'mabedi, ine ndine wantchito pano.

Ponyamuka anati, "Kuyeza ndi Lachiwiri m'mawa, khomo lachitatu. Ndidzakhala pabenchi. Mukabwera mwabwera, mukapanda kubwera sindiuza munthu."

Chandiwawa ndi ichi. Zaka zonsezi ine mawu anga ndi amodzimodzi, "Limbani mtima, muchira." Ndi angati ankafuna kundiuza kanthu ine n'kuwatseka pakamwa? Mwana uyu sabata ziwiri zokha, waona chimene amuna anga sakuona.

Lolemba, 18 Malichi

Mawa. Ndasita diresi yabuluu, ndaibwezera m'sutikesi, ndaitulutsanso. Khomo lachitatu ndimalidziwa, benchi lake ndimapukuta ndine. Akakhalapo anthu ndimati "Kwezani miyendo," osawayang'ana kumaso. Asisitala akandiona pamenepo adzati chiyani?

Masana ndinamuona mtsikana uja akuseka ndi mayi a pawindo, atawagwira dzanja. Mtima unandiluma. Choncho amatero ndi aliyense? Ndimayesa ndi ine ndekha.

Bambo a kunyumba sakudziwa. Chotupa chilipo, mwina chakula. Pakhomo lachitatu ndikafikako ndithu, ndi ntchito yanga. Ngati ndikafike ndi chikolopa kapena ndi diresi yabuluu, sindinadziwebe.