Magetsi a Kumbuyo Sindichotsa

Lachitatu. Tsiku lowawitsa mutu.

A Nambewe oyandikana nafe abwera atakwiya. Akuti magetsi atsopano amene ndaikitsa kumbuyo kwa pikapu yanga akumawalira m'bafa mwawo, mpanda wa udzu sukubisanso kanthu.

"Chotsani, bambo a Chikondi, tikuchita manyazi!"

Ndakana. Magetsi akale aja ankangophethira ngati ziphaniphani. Lero m'mbandakucha, ndikubweza galimoto m'mbuyo kuti ndikanyamule chimanga ku Bowe, kuwalako kwandionetsa amayi awo a Nambewe, amene samva, atawerama kuseri kwa tayala, akusesa pabwalo. Ndaponda buleki msangamsanga.

A Nambewe sindinawauze zimenezi. Mawa ndiwapatsa udzu aphatikize pa mpandawo, koma magetsi akhala pomwepo. Anyanyale. Manyazi sakumbitsa manda.