Kansalu ka pa Ampulifaya

Lolemba, 7 Okutobala

Akulemba ndi Hilda, mwana wanga wamkazi, poti maso anga anachita nkhungu. Ndamuuza alembe monga ndanenera, asakometse. Kopeli ndi langa.

Katundu wafika. Makatoni atatu, pa basi ya ku Joni. Wotumiza Melvin, mwana wanga woyamba. Zaka zisanu ndi zinayi ali kumeneko. Pa maliro a mayi ake sanabwere, nkhani ya mapepala. Anthu muno mu Nkolokosa analankhula zambiri, ena mpaka kunena kuti anatitaya. Lero aona okha makatoni akutsitsidwa pakhomo panga.

M'katimo chibokosi chakuda, cholemera, ati ampulifaya. Masipika asanu ang'onoang'ono, ina yaikulu yoika pansi. Kumbuyo kwa chibokosicho mabowo osawerengeka. Hilda walumikiza mawaya akuyang'ana zithunzi za m'kabuku kake. Ine ndimafuna masipika onse akhale pamzere pa disipule, kabati ya pabalaza ija, wolowa aziwaona. Wakana. Ati awiri malo ake ndi kumbuyo kwa mpando.

Titayatsa, magalasi a mawindo ananjenjemera. Ndinazimva m'chifuwa. Mawu otere ndinawamva komaliza ku Limbe, m'masiku omwe ndinkang'amba matikiti pakhomo pa nyumba ya kanema. Malaya oyera, tochi m'manja. Malemu Daisy, mayi a ana angawa, ndinawaonera pamzere womwewo. Anabwera kasanu konse kudzaonera filimu imodzimodzi, ine osazindikira kanthu.

Ndaitana a Alidi a nyumba yoyandikana nayo ndi azibambo a kumpingo, Loweruka masana. Abwere adzamve zimene mwana wanga watumiza.

Fumbi lachuluka mwezi uno. Ampulifaya ndaifunditsa kansalu koluka ka Daisy, ka maluwa obiriwira kaja. Kakwana ndendende.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Yazima yokha. Tinali pakati pa nkhani za masana, kungomva thapu, basi zii. Tivi ikuonetsabe, munthu akungoyasamula pakamwa popanda mawu. Babu likuyaka, ndiye si magetsi.

Tadikira, tayatsanso. Mphindi makumi awiri, thapu. Katatu konse lero.

Chakudya sichinalowe.

Lachinayi, 10 Okutobala

Dzulo sitinalembe. Ndinalibe mawu abwino.

Tasintha soketi. Tasintha mabatire a rimoti. Hilda wamasula mawaya onse n'kuwalumikizanso umodziumodzi, thukuta kamukamu, atangoweruka kuntchito. Chimodzimodzi. M'mawa imapirirako, masana sichedwa n'komwe.

Hilda akuti timuimbire Melvin. Ndakana. Munthu watumiza chinthu choyamba pa zaka zisanu ndi zinayi, iwe n'kumuuza kuti chako chija n'chakufa?

A Alidi anamva mphekesera. Anandiponyera mawu pampanda: “Achimwene, ku Joniko amatola kumtaya n'kupukuta bwinobwino. Mwina mnyamata anamupusitsa.” Ndinawayankha kuti mwana wanga sapusitsika. Koma nditalowa m'nyumba mtima unanena zina. Unati mwina sanapusitsidwe, mwina anadziwa, anangoti mkulu uja saona, chilichonse alandira. Lemba zimenezo, Hilda, usadumphe. Ndinaganizadi choncho.

Wailesi yathu yoyamba sinkachita zimenezi. Tinaigula chaka chimene tinalowa nyumba ino. Yabuluu, ya mabatire. Bambo anga, amene anachoka ku Milanje wapansi, ankaipatsa moni asanakhale pansi. Daisy anailukira kansaluka sabata yomweyo. Kenako kanasamukira pa wailesi ya makaseti, kenako pa tivi yachimsana ija. Palibe chinafa ndi fumbi m'nyumba muno. Daisy ankati chinthu cha mtengo sichikhala mbulanda pabalaza.

Loweruka ndi mkuja. Anthu asanu ndi awiri.

Lachisanu, 11 Okutobala

A Alidi abwera atachoka ku mzikiti, ati adzaone maliro a ampulifaya. Ndinawalola chifukwa cha ulemu basi.

Tinayatsa. Anadikira mpaka inazima. Ananyamuka, n'kuika dzanja pamwamba, n'kulichotsa msangamsanga. Anavundukula kansalu. Mawu awo ndawasunga: “Achimwene, mwaitseka mphuno! Zaka makumi atatu ndayendetsa malole msewu wa ku Beira, injini yofunditsidwa bulangete sindinaionepo ikufika.” Anandigwira chala n'kuchiyendetsa pamwamba pa chibokosicho. Timipata tambirimbiri, totulukira mpweya. Kutentha ngati simbi. Ati ikatenthedwa imadzizimitsa yokha kuti isapse.

Ndinatsutsa. Ndinati kansalu koluka kali ndi mabowo. Anati mabowo a Daisy ndi othina, mayi uja sankaluka zaulesi. Apo ananena zoona.

Tinaisiya yosafunda. Maola atatu, osazima. Hilda anapeza tsamba m'kabuku kaja, chithunzi cha nsalu pamwamba pa bokosi, atachidula ndi mtanda. Analidumpha Lolemba lija. Waseka mpaka misozi. Ine sindinaseke.

Choncho wolakwa ndine. Mwana anatumiza chinthu chamoyo, ine n'kumachitsamwitsa masiku anayi, uku ndikumunenera zoipa mumtima.

Kansalu ndakapinda, kali pa mkono wa mpando. Pa disipule pakuoneka ngati pakhala mlendo wosavala malaya.

Loweruka, 12 Okutobala

Abwera asanu ndi anayi, awiri osaitanidwa. Mipando inachepa.

Hilda anaika filimu ya nkhondo. Ndege inadutsa kuchokera kukhomo kupita kukhitchini, azibambo onse anawerama. Kenako mufilimumo munagwa mvula. Inamveka kumbuyo kwathu, yeniyeni. A Kalimu, mkulu wa mpingo, anathamangira panja kukalowetsa njinga yawo. Anapeza dzuwa lili phwee. A Alidi anatsala pang'ono kugwa pampando.

Sinazime. Kuyambira 2 koloko mpaka 5.

Potuluka a Kalimu anandigwira dzanja nati, “Mwana munabereka.” Ndinangoti zikomo. Kale ku Limbe anthu ankatuluka chonchi, akuphethira ndi kuwala, akukambirana mokweza. Ndinaima pakhomo mpaka womaliza.

Lolemba, 14 Okutobala

Melvin anaimba dzulo titachoka kutchalitchi. Anafunsa ngati sinavute. Ndinali nditakonza kunena kuti ayi, yayenda bwino kuyambira tsiku loyamba. Hilda anandiyang'ana. Ndiye ndinamuuza zonse. Za kuzima, za a Alidi, za kansalu. Zimene ndinamuganizira zija ndinanenanso, ndipo ndinapepesa. Ndinali ndisanapepesepo kwa mwana chibadwire.

Ndimayesa aseka, kapena akwiya. Sanaseke, sanakwiye. Kenako anati, “Ababa, ndi ka maluwa obiriwira kaja? Kadakalipo?” Ndinati kalipo. Anati iye alibe kanthu kalikonse ka amayi ake, ngakhale mpango. Mawu ake sanali bwino.

Basi ya ku Joni inyamuka Lachitatu m'mawa, kansalu kakwera yomweyo kupita kwa Melvin. Hilda akuti akachape kaye. Ndati ayi, kapite momwe kalili. Akuti tiikemo ndi kalata, ndinene mawu iye alembe.

Tsegula tsamba lina. Lemba kuti, Melvin mwana wanga. Dikira kaye, usalembe.