Ganizani wagwetsa amalume

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Nsambe tilipo. Kachewere wachita bwino chaka chino, kungoti malole akukanika kukwera phiri chifukwa cha matope, ndiye tikudya tokha mpaka ana ayamba kudandaula. Mpongozi wanu Esinati wabereka mtsikana. Tamupatsa dzina lanu, ndipo kulira kwake n'kolamula ngati mwini dzina.

Nkhani yeniyeni ndi ya mwana wanu Ganizani. Munamusiya akusenza matumba a ufa kubekale ya Mgiriki uja ku Limbe. Bwanayo ataona msana wake anamulowetsa m'masewera ogwetsana a kwawo. Kumeneko miyendo sagwira ndipo satchera. Umagwira kuyambira m'chiuno kupita kumtunda, ndipo wapambana ukamugoneka mnzako chagada, mapewa onse pansi. Chaka choyamba ankangomutulutsa, poti mwendo wake unazolowera za kubusa, unkatchera wokha. Ataugonjetsa mwendowo, anayamba kugonjetsa anthu.

Chaka chatha anafika pa mpikisano wosankha wopita ku Lusaka. Ndinakwera basi pa Zalewa, khadi la chipani m'thumba, kukaonera. Wolimbana naye anali wapolisi wa imvi, katswiri wakalekale. Atalengeza kuti ndi aNgozo, ndinaona nkhope ya Ganizani ikugwa. Inu ndinu Nangozo, ndiye kuti amenewo ndi amalume. Paja munkati, "Wamkulu sagonekedwa chagada, amenewo ndi magonedwe a maliro." Mwana wanu anawanyamula m'mwamba bwinobwino, holo yonse itaimirira, kenaka n'kuwatsitsa pang'onopang'ono ngati mtsuko wobwereka. Iwo sanabweze ulemu. Anamugudubuza pomwepo.

Mwezi wathawu anakumananso pa mpikisano womwewo. Mgiriki anali atanenetsa kuti akabwereza zija, abwerera ku matumba basi. Asanalowe m'bwalo, aNgozo anamuitanira pambali, ine ndikumva.

"Mphwanga, chaka chatha unandichititsa manyazi. Anzanga kupolisi akunditcha dzira. Ukanditsitsanso ngati mkwatibwi ndikuthyola nthiti, wamva?"

"Koma amalume, amayi ankati..."

"Mlongo wangayo anagwetsanapo ndi ndani?"

Ine apo, Amayi, ndinakumbuka bwino zimene munamuchita mayi uja anakuberani nkhuni kudambo.

Atalowa m'bwalo, Ganizani anawagwetsa amalumewo. Phi! Mapewa onse pansi. Wina akanadumphadumpha, koma wanuyo anagwada pambali pawo n'kuyamba kuwomba m'manja, "Pepani amalume, pepani." Woyimbira anachita kumukoka kuti amukweze dzanja. ANgozo anadzuka akutsimphina, uku akuseka, nati, "Ameneyu ndi wathu ndithu."

Ku Lusaka anyamuka mwezi wamawa. Koma sakugona bwino, akuti waphwanya mawu anu. Wandipempha kuti ndikuuzeni ndine, poti ndine ndinapita patali ndi sukulu, ngati kuti kumeneko mumafunsa satifiketi. Ndamuuza kuti mwamukhululukira kale. Ngati ndanama, mubwere kutulo kwa ine. Iyeyo mumusiye agone, ali ndi ulendo.

Mvula ikatha tibwera tonse kudzalambula pamanda panu. ANgozo akuti atiperekeza, adzaone pamene anagona mlongo wawo yemwe sanakumanepo naye. Ndikulonjeza kuti tikadzafika ndidzawauza za nkhuni zija.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Wilisoni