Ndaletsa kugulitsa nyumba ya achimwene ku Rongai

Amayi anga, mukudzuka bwanji kumene muliko?

Kuno ku Nairobi tilipo, koma ndinganame nditati tili bwino. Ndiyambe ndi zabwino, poti n'zochepa. Mpongozi wanu Tamanda anachira, ndi mwana wamkazi, wamphuno ngati yanu. Kumudzi achemwali akuti chimanga cha kudambo chachitako bwino ngakhale feteleza sanakwane.

Chandikhazika pansi ndi nkhani ya achimwene a Fatsani. Mukudziwa kuti ndi iwo ananditenga kubwera nane kuno, nandilipirira sukulu ya zomangamanga mpaka ndinayamba kupeza timakontalakiti tangatanga. Titabwerako ku maliro anu anandiuza kuti ndiwamangire nyumba pa malo amene iwo ndi alamu anagula ku Rongai. Ndinakondwa kwambiri. Alamu anati tilemberane pangano kuti chibale chisasokoneze ntchito, ndipo tinalembamo kuti ndalama zikadzavuta, nyumbayo ndiyo chikole. Tinasayina tikuseka.

Ndinaimanga ngati yanga. Simenti, malata ndi matailosi ndinkatenga pangongole ku hadiweya m'dzina langa, achimwene n'kumabweza pang'onopang'ono. Denga litatha, bungwe limene ankagwirako ntchito ku Upper Hill linachepetsa antchito, iwo n'kukhala m'gulu la ochotsedwa. Sanandiuze. Ndikafunsa ankangondiyankha m'Chiswahili kuti kesho, mawa lake osafika. Ndinadzamvera kwa munthu wa kutchalitchi kuti nyumba yapeza wogula ndipo iwo akukonzeka kubwerera ku Lilongwe.

Apo n'kuti mwini hadiweya akundiopseza ndi apolisi, ndipo mukudziwa kuti mlendo m'dziko la eni salimba ndi mlandu. Amisiri anga nawo anali asanalandire. Mmodzi wa iwo, bambo wachikulire amene mkazi wake akudwala, anabwera kunyumba tsiku limene Tamanda anatuluka m'chipatala. Sanakalipe. Anangokhala pakhomo chipewa chili m'manja, ine n'kusowa poyang'ana.

Munkatiuza kuti ukasemphana ndi mkulu wako uzipita wekha, usamatume munthu. Ndinapita ndekha ku South C, kumene achimwene amakhala, amayi. Anandilandira ataimirira, nati, "Kondwani, amene anakuphunzitsa ndine. Ungotenga kuti wabweza." Ndinawauza kuti zanga ndasiya, koma za amisiri ndi za ku hadiweya si zanga kuti ndikhululuke. Analowa kuchipinda, osatulukanso.

Mayi wina wa kutchalitchi, amene ndi loya, anandiuza kuti njira yatsala imodzi: kukapereka fomu ku ofesi ya za malo yoletsa kuti nyumbayo isagulitsidwe womanga asanalipidwe. Yoyamba imene ndinapeza pa intaneti inali ya dziko lina, ndinataya nayo tsiku lathunthu. Mayiyo anadzanditumizira yoyenera. Inu munazolowera zolemba pamanja. Masiku ano fomu umaitsegula pa laputopu n'kumadzaza m'timabokosi, loya ali ku ofesi kwake akuona zimene ukulemba ndi kukukonza pomwepo.

Nambala ya malo ndinalemba. Ntchito imene ndinagwira ndi zimene zatsala ndinalemba, n'kuikapo zithunzi za malisiti ndi za pangano lija. Ndiye panali bokosi la dzina la mwini malo. Nditangoyamba kulemba dzina la bambo athu, makinawo anamalizitsa okha ndi dzina langa, poti ndinali nditalilemba kale pamwamba. Ndinafufuta n'kulemba la achimwene. Posakhalitsa mayi uja analemba m'mbali mwa tsambalo kuti ndionetsetse, mayina awiriwa akufanana, mwina ndalakwitsa. Ankangofuna kuti a ku ofesi asadzaibweze. Ndinayankha kuti sindinalakwitse. Kenako ndinatuluka panja, chifukwa sindinafune kuti Tamanda andione m'maso.

M'mawa mwake ndinaisindikiza, ndinalumbira pamaso pa loya wina kuti zonse n'zoona, n'kukwera minibasi, imene kuno amati matatu, kupita ku ofesi ya za malo. Anaidinda, anandipatsa kope langa. Pobwerera ndinadutsa pa nyumba ija osatsika.

Ndinkaganiza kuti achimwene akalandira chidziwitso adzandiitana, tigwirizane kuti wogula akalipira ayambe achotsa za amisiri. Sizinatero. Wogula atamva kuti pamalopo pali chiletso anathawa. Tsopano nyumba ili chiimire, udzu ukumera pakhomo. Achimwene sangagulitse, sangandilipire, ulendo wa ku Lilongwe waima, ndipo ndamva kuti ana awo sanabwerere kusukulu teremu ino. Ine sindinalandire kanthu. Mwini hadiweya anatenga makina anga osakanizira simenti, ndiye ntchito zina sindingazitenge. Bambo wachikulire uja ndinamupatsa zimene ndinapeza nditagulitsa laputopu yomwe ija, koma sizinakwane n'komwe.

Amalume anandiimbira kuti ndachititsa manyazi mtundu, inu musanaiwalike. Pa gulu la banja la pafoni anandichotsa. Loya akuti ndikachotsa chiletso nyumba ipita ndipo ngongole yonse itsala pamutu panga. Ndikapanda kuchotsa, nkhani ipita kukhoti, kumene ingakhale zaka. Ndayesa kuganiza kuti inu mukanati chiyani. Munkadana ndi munthu wodyera mnzake thukuta, komanso munkadana ndi ana okokerana kubwalo. Sindikudziwa kuti mukanayamba kukalipira uti.

Lamulungu lapitali ndinawaona achimwene kutchalitchi. Aonda, amayi, jekete ikuwakhuthukira m'mapewa. Mapemphero atatha ndinaima pakhomo n'kuwapatsa moni. Anayang'ana pamwamba pa mutu wanga n'kudutsa, alamu ali pambuyo atawerama.

Sindingakulonjezeni kuti tigwirizana, chifukwa sindikuona potulukira. Chimene ndingathe ndi ichi: tikafika kukhoti ndikanena za simenti ndi malata basi, china chilichonse chokhudza iwo sichikatuluka pakamwa panga. Ndipo Lamulungu lililonse ndiziima pakhomo paja n'kuwapatsa moni, ayankhe asayankhe.

Ndimakukondani ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu wotsiriza,
Kondwani