Musanadule mtengo wa atate

Ku msasa wa othawa nkhondo, Dedza
12 Julayi 1989

Okondedwa alongo anga a Silvestro,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji ku Lifidziko, inu ndi amayi? Mwendo wa amayi uja ukuwalolabe kutsikira kudimba? Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chikulowa mpaka m'mafupa.

Kalatayi ndapatsira a Augusta, amayi aja amawoloka pa Kalomwe ndi kachewere. Ndi iwo andiuza kuti mtengo wa pichesi wa atate ukudwala, ndipo inu mwanola kale nkhwangwa. Nkhani imeneyi ndiyo yandigwiritsa cholembera, koma ndiyambe ndakuuzani za ntchito yanga kuti mundimvetse.

Ndikuphunzitsabe, ngakhale eskola yake ndi denga la udzu lopanda makoma. Ana ambiri ndi a kwathu konko. Mwezi wa Meyi ndinayamba kuwaphunzitsa za mitengo. Pafupi ndi msasa patsala zitsa zokhazokha, choncho ndinayenda mpaka kuphiri kukathyola timanthambi ta msuku, muwanga, mombo ndi mkuyu. Ndinatiyala pamphasa n'kufunsa mayina. Palibe anazindikira ngakhale kamodzi. Ndinapsa mtima, alongo, mpaka ndinawafunsa kuti ndi ana a ku Angónia otani osadziwa tsamba la msuku.

Kenako mtsikana wina dzina lake Inês anapempha kuti athyole kanthambi kamodzi. Anakanunkhiza, anakanda khungwa ndi chala, n'kunena kuti umenewu ndi muwanga, mtengo umene makala ake sazima mpaka m'mawa. Anzake onse anavomera. Ndinachita manyazi. Anawa mitengo amaidziwa, koma amaidziwa ikafika pamutu pa amayi awo itamangidwa mtolo. Ambiri anachoka kwathu ali aang'ono, ndipo sanakwerepo mtengo wa zipatso.

Tsopano ndimayambira ku nkhuni. Aliyense amabwera ndi kachikuni, timakatchula dzina, kenako ndimawaonetsa tsamba lake n'kulimata mu kaderno, buku lathu lolembamo. Za matenda ndiye zikundivuta, pakuti kuno mtengo supatsidwa mpata wodwala, nkhwangwa imaupeza ukadali wathanzi. Ndimangowafotokozera pakamwa za mbozi zoboola thunthu ndi za masamba opiringizika, iwo n'kumandiyang'ana ngati ndikusimba za ku Beira.

Zaka ziwiri zapitazo tinatola njere za mapichesi kumsika n'kuzidzala m'zitini za mafuta. Zinamera makumi awiri ndi zinayi, mbuzi inadyapo zisanu. Zotsalazo zafika kunenepa kwa chala, ndipo ana amagawana nazo madzi amene aimira pamzere ku mjigo. Koma mbandezi zikapanda kumezanitsidwa zidzabala timapichesi towawa tija tinkagendera mbalame.

Tsono za mtengo wa atate. A Augusta akuti thunthu likutuluka utomoni, ndipo amayi akuti mtengo ukulira mwini wake. Amayi sindiwatsutsa. Koma inu gwadani muyang'ane patsinde. Mukaona utuchi, dziwani kuti ndi mbozi. Zitokoseni ndi waya, mumate mabowowo ndi phulusa lonyowa, mtengo ukhoza kuchira. Mukapeza khungwa lada kuzungulira thunthu lonse, likununkha ngati mowa wosasa, ndiye kuti wapita. Ndikudziwa kuti izi n'zachilendo kwa inu. Pamene atate ankandiphunzitsa luso limene anatenga ku mishoni ya Fonte Boa, inu munali kokumba mbewa, ndipo mbewa zake sitinkaziona.

A Augusta andiuzanso kuti kunkhalango sikukupitika chifukwa cha mfuti, ndipo amayi akugona pamoto wa zitsononkho. Sindingakonde mtengo kuposa amayi. Ngati wapitadi, dulani, amayi awothe.

Pempho langa ndi limodzi: ndikufuna nthambi zake ndimezanitse pa mbande za anawa. Musanadule, pitani mbali ya kum'mawa imene akuti idakali yamoyo, mudule nthambi khumi zowongoka, zonenepa ngati pensulo, za maso amene sanatseguke. Muzikulunge mu chikhungwa chonyowa cha nthochi, muwapatse a Augusta m'mawa wa tsiku limene akubwera kuno, osati dzulo lake. Muikemonso padera chidutswa cha khungwa lodwalalo, chautomoni wake womwe, kuti ana aone matenda ndi maso awo. Chonde musazengereze. Ogasiti akalowa maso aphukira, ndipo nthambi yophukira sigwira.

Mwina mukuti ndi nkhani ya zipatso chabe. Alongo, ine ndinathawa atate ali moyo, akundikankha kuti ndipite popeza aphunzitsi ndiwo ankasakidwa. Uthenga wa maliro unandipeza patapita miyezi iwiri. Sindinaponye dothi, manda awo sindikuwadziwa, chithunzi chawo ndilibe. Ndawasowa kwambiri, ndipo ndikuopa kuti nkhope yawo yayamba kundithawa. Chimene sichinandithawe ndi manja awo akumanga luzi pa nthambi, chala changa atachipanikiza pansi pa chawo kuti ndimve kulimba kwake. Ndikufuna ndipanikize zala za anawa chimodzimodzi, pa mtengo womwewo. Nkhondo ikadzatha, aliyense adzanyamule wake kupita nawo kwawo.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndimawatchula m'mapemphero tsiku lililonse. Moni kwa alamu anga a Inácia ndi ana, kwa amalume a Pascoal, ndi kwa azakhali ngati anabwerako kumene anabisala. Lachisanu lililonse, tsiku limene a Augusta amawoloka, ndizikhala pamsewu wochokera ku Kalomwe, mpeni nditanola kale.

Tsalani ndi Mulungu.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Teodora