Ndodo ya a Pemberton sindigwira

Gulu: Banja la a Ewan Rennie
Loweruka

[08:12] Struan: nde alendo ako sabata yonse zero? olo kansomba kamodzi ka sea trout?

[08:13] Mhairi: zero. koma mvula ya dzulo yadzaza mtsinje, salmon zayamba kukwera. lero mlendo wanga wokalamba uja, a Pemberton, agwira basi

[08:14] Struan: mwana wawo Judith ali pa reception pano, walongedza kale. akuti 1 koloko anyamuka poti mawa Sunday kulibe kuwedza

[08:14] Struan: komanso akuti bambo akewo chaka chamawa sabweranso. dokotala wawaletsa

[08:15] Mhairi: nkudziwa. umuchedwetse

[08:15] Struan: bwanji

[08:16] Mhairi: manager wa hotela ndine kapena iwe? lunch ichedwe, makiyi asowe, kaya

[08:17] Struan: kkk ukufuna andichotse ntchito eti. sisi tamvera, ponya wekha kanyambo ka fly, nsomba ikaluma uwapatse ndodo yowedzerayo. ma ghillie anzako operekeza alendo kowedza ambiri amatero mlendo akatopa

[08:17] Mhairi: ayi

[08:19] Mhairi: 🎤 voice note
"Struan, Lolemba mdalayu anandigwira dzanja. Akuti mwana wa Ewan, mtsinje uno ndinayamba kuwedza ndi bambo ako iwe usanabadwe. Tsiku lomwe udzagwire ndodo yanga, udzanyamulenso bokosi langa la maliro. Nde ukuti ndiwaponyere? Aponya okha."

[08:21] Mhairi: adadi mwaona? ndiwatengere kuti, miyendo yawo siyolimba kuima m'madzi

[08:40] Mhairi: adadi pls

[08:42] Struan: asiye. chimwalirireni amayi sanapondeko kumtsinje, ukudziwa

[09:26] Adadi: Boti. Dziwe la kumunsi kwa tchalitchi. Fly yakuda, yaing'ono.

[09:27] Adadi: Uwaveke jekete loyandamitsa. Akana koma uwaveke.

[09:27] Mhairi: zkm adadi

[11:38] Mhairi: manja akuwakana. fly ikugwera pafupi ndi boti penipeni

[11:39] Struan: ndinanena

[11:39] Mhairi: iwe. ngati fly sikufika kwa nsomba boti lifika. ndikusendeza pang'onopang'ono

[12:52] Struan: Judith akufunsa bambo ake. ndamupatsa sikono yachitatu

[12:53] Mhairi: mupatse yachinayi

[13:21] Struan: zafika poipa. Judith akuti mdala akadwala chibayo mlandu ndi wako. bwererani

[13:34] Struan: Mhairi

[13:50] Struan: 📞 missed call

[14:04] Struan: wanyamuka wapansi kubwera komweko, ndi tinsapato tam'tauni tija. ine ndasamba m'manja

[14:10] Mhairi: 🎤 voice note
"Yaluma! Struan yaluma, aponya okha! Bwana kwezani ndodo, kwezani! Musaikoke, isiyeni ithamange..."

[14:10] Struan: EISH

[14:19] Struan: nde??

[14:31] Struan: sisi yankha anthu tikufa kuno

[14:37] Adadi: Chingwe chaduka?

[14:49] Mhairi: 📷 chithunzi

[14:49] Struan: mayooo. imeneyo ndi nsomba kapena nkhumba

[14:52] Mhairi: 🎤 voice note
"Adadi, yaikazi, mbee, yangochoka kunyanja. Chapakati apo manja anatheratu, akuti Mhairi tenga, tenga ndatopa. Ndati ayi bwana, munandiletsa nokha, ine bokosi sindinyamula lero. Anditukwana bwinobwino. Ndangowagwira lamba kumbuyo kuti asagwe, iwo n'kumalimbana nayo mpaka yalowa mu neti. Ine misozi, adadi, sindinama."

[14:54] Adadi: Mwaibweza m'madzi? Yaikazi sititenga.

[14:55] Mhairi: eya. aigwira okha m'madzi mpaka yapeza mphamvu, kenako yapita

[14:56] Struan: Judith bwanji

[14:57] Mhairi: ali pagombe, matope mpaka m'maondo. anabwera kudzakalipa koma ndi amene wajambula

[15:01] Struan: chabwino zatheka, atulutseni. London ndi kutali

[15:03] Mhairi: akukana kutsika m'boti

[15:03] Struan: chani??

[15:05] Mhairi: akuti pamtsinje uno nsomba ikagwidwa whisky amamwa ndi Ewan, osati ndi ana. akuti adikira

[15:06] Mhairi: adadi, ndawauza kuti simubwera kuno masiku ano. akuti adikirabe

[15:18] Struan: adadi?

[15:31] Adadi: Struan bwera ndi galimoto.

[15:31] Adadi: Botolo lili m'thumba kale. Ndikufuna mabuti anga.