Diresi Lachikasu M'ngalande

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu. Mwendo wawo uja unasiya kutupa? Kuno tikudzuka, koma mtima wanga suli m'malo.

Musadzidzimuke, mwana wanu Kanyerere ali moyo. Ndayamba ndi mawu amenewa dala.

Lachiwiri masana kunagwa chimvula, mwezi uno womwe kale tinkayanika zovala osayang'ana kumwamba. Ngalande ya kuseri kwa mashopu athu inatsekeka, madzi n'kusefukira mumsewu nthawi yomwe ana amaweruka kusukulu. Madziwo anamukokolola mwanayu pafupi ndi mlatho. Anamupulumutsa ndi bambo wowotcherera zitsulo uja, anamukoka ndi lamba wa chikwama. Lambayo akanaduka, bwenzi ndikukulemberani zina.

Madzi ataphwa, kunabwera amuna ndi ngowe kudzatsegula ngalandeyo. Achemwali, zomwe anatulutsa si matope ayi. Zinali zovala, zopotana ngati chingwe, mpaka anachita kukoka ndi galimoto. Atelala tonse a mumsewu uno timataya zidutswa mmenemo, poti galimoto ya zinyalala imabwera ikafuna.

Mwana anangoima n'kuloza diresi lake lachikasu lija munatumiza. Analivala kamodzi kokha, tsiku lojambulitsa chithunzi choti tikutumizireni, zipi n'kuthyoka. Ine telala wathunthu ndinaona ngati kulikonza n'kutaya nthawi, poti katoni ina ya zovala yochokera kwa inu inali kale m'njira, ndiye ndinaliponya m'ngalandemo.

Tsopano kukangochita mitambo, mwanayu amakweza nsapato ndi mabuku pamwamba pa kabati. Dzulo anandifunsa ngati madzi amatha kukwera masitepe, ine ndinati ayi. Anafunsanso ngati mvula ya chaka chamawa idzaposa iyi, poti aphunzitsi awo akuti dziko likunka litentha. Pamenepo bodza linandithera. Nanenso ndikuopa, achemwali. Ndimapalasa makina khutu lili kudenga, ndipo kukagunda ndimasiya nsalu ya kasitomala n'kuthamangira kusukulu.

Ndiye pempho langa ndi ili: musatumizenso makatoni. Ndikudziwa kuti mumagula chifukwa cha chikondi, ndipo mwina munena kuti mng'ono wanu wakhuta, wayamba matama. Nenani, ndipirira.

Bambo a Kanyerere akundiseka, akuti diresi limodzi silingasinthe mitambo. Sindikutsutsa. Koma linatseka nawo ngalande yomwe mwana wanga amadutsa. Zidutswa ndayamba kusunga m'thumba, ndikusokera mapilo, ndipo anzanga andipatsa kale dzina loti Mayi Zinyalala. Aseke, bola ataye m'thumba mwangamo.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni, ndipo mutikumbukire m'mapemphero mitambo ikamasonkhana.

Chithunzi chomwe mumafuna mwezi uliwonse ndachiika m'kati. Wavala diresi la chaka chatha, ndangofutukula mpendero, ndipo sanamwetulire chifukwa kunja kunali mitambo. Musayang'ane diresilo, achemwali. Yang'anani kuti mwana alipo.

Ndine mng'ono wanu,
Make Kanyerere